Nyemba Yofiira Imene Inawoloka Malire

Tsikulo linali Lachiwiri. Ndinali kudimba, ndikukumba mbatatesi. Kunkazizira, nkhungu inali isanachoke m'dambo. Dengu limodzi linali litadzaza, lachiwiri lili pakati.

Ndinkaimba. Ine ndikamagwira ntchito ndimaimba, ndipo ndikaimba amamva ndi a kutsidya la mtsinje. Mayi anga ankati ndinabadwa ndi mmero wa ng'ombe. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndevu zitangoyamba kumera.

Kenako kumudzi kunamveka phokoso. Poyamba ndinayesa nsungwi zikuphulika pamoto. Nkhunda zonse za aphunzitsi zinauluka nthawi imodzi. Utsi wakuda unakwera pamene panali chigayo. Mayi anga anali atapita kuchigayoko m'mawa umenewo, chimanga chili pamutu.

Khasu ndinalisiya litazikika m'nthaka. Mpaka lero ndimaliona.

Ndiyambe ndanena kuti ndine yani. Ndine Gerevazio, wa kuno ku Bembeke. Mukafunsa aliyense pamsika akulozerani, kapena mungoima chete, mundimva nokha. Koma ndinabadwira tsidya la malire, ku Mozambiki, kunsi kwa phiri la Domwe. Mayi anga anali a kuno, uko anapita chitengwa. Chinenero n'chimodzi, maliro ankatiitana, maukwati tinkavina limodzi.

Mwezi wathawu anandiitana ku boma, muholo yaikulu. Anthu a bungwe lina ochokera ku Lilongwe anandipatsa mphoto. Ndi thabwa losalala, lili ndi kachitsulo kowala kolembedwa Chingerezi. Anandimasulira kuti ndi ya munthu wolimba mtima poteteza ufulu wa aliyense wosankha atsogoleri. Sanalakwitse. Pa chisankho china anyamata a zibonga anatseka mlatho kuti amayi a m'midzi ya m'malire asakavote, ati ndi obwera. Ine ndinaima pamlathopo n'kuyamba kutchula mayi aliyense dzina lake, la mayi ake ndi la agogo ake, mokuwa, mpaka anthu anatuluka m'nyumba, apolisi n'kufika. Ndinasiya mano awiri pamenepo. Amayi onse anavota.

Muholomo anandipatsa chimkuzamawu. Ndinakana, ndinati chimenecho n'cha odwala chifuwa. Anthu anaseka. Ndiye anati, agogo, mphindi ziwiri zokha. Nkhani ya a Felisita singakwane m'mphindi ziwiri. N'chifukwa chake ndagula kope ndi cholembera. Sukulu sindinapite nayo patali. Zilembo zanga zimayenda chammbali ngati nkhanu, koma zimafika. Inu obadwa nkhondo itatha, tcherani khutu.

Nkhondoyo inali ya magulu awiri, asilikali a boma ndi asilikali a kutchire. Akabwera a boma ankati mukudyetsa a kutchire. Akabwera a kutchire ankati mukutiulula kwa a boma. Tsiku limenelo anabwera a kutchire.

Ndinathawira m'chigwembe cha kunsi kwa madimba. Chinali chakuya, chodzaza bango ndi nsenjere. Ndinapezamo anthu ena atagona chafufumimba m'matope. Ena anafika pambuyo panga, mmodzimmodzi. Dzuwa likufika pamutu tinali akuluakulu khumi ndi asanu ndi anayi, kupatula ana. Mayi anga munalibe.

Munali a Felisita. Anali mayi wamasiye, wamfupi, wopanda mwana. Ndiwo ankachapa nsalu za paguwa kutchalitchi. Kulira kwa mfuti kunawapeza akupita kukabzala nyemba, ndiye anathawa ndi kamtolo ka mbewu kali m'chiuno, zofiira ndi zoyera zosakanikirana. Atandiona ndikutsegula pakamwa kuti ndifunse za mayi anga, anandigwira milomo ndi dzanja lamatope.

“Gerevazio, lero mawu ako uwaike m'thumba,” ananong'ona.

Munali a Sumaili, Msilamu wa ku Dedza boma, amene ankabwera kwathu ndi mchere panjinga. Njinga anaisiya pamsewu. Munali a Kamwendo, mmisiri wa matabwa, munthu wamkulu ngati chitseko cha tchalitchi. Anali ndi nkhwangwa m'manja. Malaya awo anali ndi magazi, koma iwo analibe bala. Akazi awo anawomberedwa pakhomo, ndowa ili pamutu.

Omaliza kufika anali a Nachisale ndi mwana wawo wamkazi, Rozina. Atangotsikira m'chigwembemo anthu anasendera kutali.

Chifukwa chake ndi ichi. A Nachisale anali ndi mwana wamwamuna, Yohane. Chaka chapitacho a kutchire anamugwira akuweta ng'ombe, n'kupita naye atamumanga chingwe m'chiuno. Tonse tinkadziwa kuti sanapite mofuna. Koma tsikulo wina anati wamuona Yohane pakati pa asilikali aja, akuloza nyumba. Amene anayamba kunena sindimudziwa. Mawuwo anangoyenda khutu ndi khutu mpaka anafika kwa a Kamwendo.

“Ife tikupita ku Malawi,” a Kamwendo ananong'ona. “Awa atsale.”

Kutsala m'chigwembemo kunali kufa. Mawa lake a boma akanabwera kudzafunafuna, ndipo aliyense wopezeka m'tchire ankamutenga ngati wa kutchire. Nanji mayi ake a Yohane. Njira ya ku malire mayi ndi mwana sakanaitha okha. Rozina ankangoyang'ana chidendene chake, momwe munali munga.

Kwathu nkhani inkakambidwa pabwalo. Amuna amalankhula, amayi amakhala pambali n'kumawomba m'manja. Mlendo salankhula. Woimbidwa mlandu amadikira kufunsidwa. Ndipo ndisakunamizeni, nthawi zambiri ankapambana ndi wa mawu aakulu. Ine ndinkalikonda bwalo chifukwa chomwecho. Koma m'chigwembe mawu anali imfa. Pamwamba pathu tinkamva nsapato za asilikali ndi ng'ombe zathu zikukusidwa.

Ndiye amuna anagundanitsa mitu, asanu ndi awiri, n'kumagwedeza. Nanenso ndinalowetsapo mutu wanga, ngakhale ndinali mwana. Nkhani inkatha choncho, popanda wofunsa ena onsewo.

A Felisita anakwawa m'matope. Anakakhala pakati pa nkhwangwa ndi a Nachisale. Anamasula kamtolo kawo n'kuyala pamiyendo.

“Poti sitingalankhule, zilankhule nyemba,” anatero. “Aliyense alandira ziwiri. Yofiira, tipite nawo. Yoyera, atsale.”

“Amayi ayi,” anatero a Kamwendo.

“Kodi zipolopolo zasankha amuna okha lero, a Kamwendo?”

“Nanga wamchereyu? Si wa kwathu.”

“Miyendo yake ikuthawa limodzi ndi yathu.”

“Eni mlanduwo ndiye ayi.”

“Moyo ndi wawo. Ayambe ndiwo.”

A Kamwendo anakweza nkhwangwa pang'ono. A Felisita sanaiyang'ane nkhwangwayo. Anapitiriza kusankha nyemba, akuuzira mankhusu ngati ali pakhonde pawo. Kenako anagwira dzanja lamanzere la a Kamwendo, n'kulifunyulula chala chimodzichimodzi, n'kuikamo nyemba ziwiri.

Ine ndaona amuna olimba mtima, ndipo inenso ndine mmodzi wa iwo. Koma zoterozo sindinazionenso.

A Sumaili anavula kofiya, kachipewa kawo koyera kaja. Ndinali ndisanawaonepo mutu uli pamtunda. A Felisita anavula duku n'kuphimba pamwamba pake. Munthu ankalowetsa dzanja atafumbata, n'kusiya nyemba imodzi, wina osaona. Anayamba a Nachisale. Kenako Rozina. Kofiya inayenda m'matope, dzanja ndi dzanja. Inafikanso kwa gogo wina wosaona bwino, mdzukulu wake n'kumuuza kuti yofiira ili kumanja.

Tsopano ndinene chimene sindinanene muholo muja. Ine ndinaponya yoyera.

Yohane anali mnzanga. Tinabatizidwa tsiku limodzi, tinkaweta limodzi. A Nachisale anandidyetsapo kangapo. Koma m'maso mwanga munali utsi wa kuchigayo, ndipo ndinkafuna wina alipire tsiku lomwelo.

A Felisita anakhuthulira nyemba pamwala wafulati. Anazigawa ndi kamtengo, zofiira uku, zoyera uko. Zofiira khumi. Zoyera zisanu ndi zinayi.

A Kamwendo anawerama. Anawerenga okha ndi chala chawo chachikulu. Anabwerezanso. Panapita nthawi. Ntchentche inatera pamagazi a pamalaya awo, iwo osaiingitsa. Kenako anatsitsa nkhwangwa.

“Chabwino. Koma mutsogole ndinu, a Felisita, poti mwawafuna.”

“Ndimati nditsogole kale,” anayankha.

Tisananyamuke, a Felisita anazungulira ndi nsalu yawo kutolera nyemba zotsala m'manja mwa anthu. Anati mbewu sataya. M'dzanja langa munatsala yofiira. Ndinalowetsa dzanja lopanda kanthu pansi pa nsaluyo. Ndinkaona ngati ndikaibweza adziwa chimene ndachita. Iwo atadutsa, nyembayo ndinaiponya m'kamwa, m'tsaya lamanzere.

Tinatuluka chakumadzulo, nkhungu itabwerera ndi kamvula kowaza. Msewu tinausiya. M'tinjira namo munali mabomba okwirira, magulu onse awiri ankatchera. A Felisita anati aliyense aponde pamene aponda iwo, ndipo iwo azikhala patsogolo mapazi khumi. Anali ndi timapazi tating'ono, topanda nsapato. Phazi langa linkaphimba lawo n'kutsalako.

Ana anawapatsa tizidutswa ta nzimbe kuti asalire. M'malaya mwanga munali mbatatesi zitatu za kudimba kuja. Tinazidula ndi nkhwangwa n'kudya zosaphika. Potafuna ndinkakankhira nyemba ija pambali ndi lilime.

Tinagona kumanda a mudzi wina, pansi pa mitengo yowirira. Kumanda asilikali sankalowa.

M'mawa tinadutsa m'mudzimo. Nyumba zinali zipupa zokha. Pabwalo lina panali mtondo, munsi uli momwemo, chimanga chokonola theka. Nkhuku ya anapiye inkajompha pansi pake. Palibe anaigwira.

Phazi la a Nachisale linali litatupa, anaponda chitsa pothawa. Dzuwa litakwera anakhala pansi, osathanso kudzuka. Mzere wonse unaima. A Kamwendo anabwerera kuchokera kutsogolo, akuponda m'mapazi omwe aja. Anandipatsa nkhwangwa. Ananjuta pamaso pa a Nachisale, atawalozetsa msana.

A Nachisale anazengereza.

“Kwerani, mayi,” anatero a Kamwendo. “Nyemba zinanena.”

Anawabereka kuyambira pamenepo. Magazi a akazi awo anali atauma pamalaya, ndipo manja a mayi ake a Yohane anagwira pomwepo.

Masana tinaona phiri la Dedza, ndi mitengo yake ya paini. Linkaoneka pafupi. Mayi wina anamwetulira. Kanjira kanalowa m'munda wakale wa chimanga, mapesi ali chiimire. A Felisita anali patsogolo, mapazi khumi, monga ananenera.

Phokoso la bomba limene anaponda silinali lalikulu monga ndinkaganizira. Linali ngati chitseko chomenyetsedwa. Dothi linatigwera m'mutu. Kenako panamveka kaphokoso kena pamasamba ouma, waaa, ngati mvula yoyamba. Zinali nyemba.

Zinamwazikana m'munda monsemo, zofiira ndi zoyera. Tinkaziona. Palibe akanachoka m'kanjira kuti atole ngakhale imodzi.

Anayamba kufika pa iwo ndi Rozina, akuponda m'timapazi tija mpaka pamene tinathera. A Felisita anali akupumabe. Rozina anawerama n'kuika khutu pakamwa pawo. Atadzuka anatiuza mawu atatu okha.

“Ati tidzere pamiyala.”

Ine ndinafuna kulira. Kulira kwanga kukanamveka mpaka ku Domwe, ndipo asilikali sanali kutali. Ndinatseka mano. Nyemba inali itafufuma m'tsaya, itafewa. Ndinaigwira ndi lilime kuti ndisaiphwanye. Ndi tsiku lokhalo pa moyo wanga limene ndinalira popanda mawu.

Kukumba manda sikukanatheka. A Kamwendo anatsitsa a Nachisale, n'kutenga nkhwangwa ija. Anadula nthambi za msuku umene unali m'mbali mwenimweni mwa njira. Tinawaphimba nazo. Rozina anawafunditsa duku kumaso. Ife tinapemphera mwathu, a Sumaili mwawo, milomo yokha.

Tinabwerera pang'ono n'kukwera pathanthwe. Pamwala munthu sangakwirire bomba. Njira imeneyo inali yaitali, yozungulira, ndipo miyala inatisenda mapazi. Ankatsogolera tsopano ndi Rozina, munga uja ukadali m'chidendene. Palibe anamuuza kuti atsogole. Palibenso anamuletsa.

Dzuwa litapendeka tinafika pamsewu waphula. Msewuwo ndiwo malire. Tsidya linalo amayi anali atayala kabichi ndi mbatatesi m'milu. Wayilesi inkaimba pagolosale. Lole ya matabwa inadutsa, woyendetsa akudya chimanga chootcha. Tinaima m'tchire kwa kanthawi, tikungoyang'ana.

Kuwoloka kwake anali mapazi asanu ndi limodzi. Ndinawerenga.

Mayi wina wogulitsa kabichi anaimirira. Sanafunse kanthu. Anatenga mbale ya mbatatesi zophika zimene anabweretsa kuti adye yekha, n'kuyamba ndi ana. Bambo wina wa pagolosale anawazindikira a Sumaili.

“A Sumaili! Nanga njinga mwasiya kuti?”

A Sumaili anaseka. Anaseka kwambiri. Kenako anakhala pansi m'ngalande n'kuphimba nkhope ndi kofiya.

Ine ndinalavulira nyemba m'dzanja. Inali itakula kawiri, khungu litachita makwinya. Pambali pake panali kansonga koyera. Pa kamtolo konse ka a Felisita, inawoloka malire ndi imeneyo yokha.

Mawa lake ndinafika kwa amalume anga kuno ku Bembeke. Ndisanasambe ndinapita kudimba kwawo. Ndinaibzala m'mphepete, n'kuitchingira ndi bango kuopa mbuzi. Amalume anayesa ndazungulira mutu. Inamera. Inabereka makoko asanu ndi awiri, ndipo sitinadyeko ngakhale imodzi. Lero theka la mudzi uno limabzala mbewu imeneyo. Amaitcha nyemba ya Felisita. Ambiri amayesa ndi dzina la kwa alangizi a zaulimi.

Mayi anga sanabwere. Kwa miyezi yambiri ndinkapita kumene ankalandirira othawa nkhondo. Lole iliyonse ikafika ndinkaima pachulu n'kuitana dzina lawo. Akanakhala kulikonse kumene mawu amafika, akanayankha.

Yohane sanabwerenso. Ngati analidi iye amene ankaloza nyumba, palibe akudziwa mpaka lero.

A Kamwendo anabwerera kwawo nkhondo itatha, anakamwalira ali nkhalamba. A Sumaili anatsegula sitolo ku boma, ndipo kofiya ija sanaivalenso, anaisunga m'bokosi. A Nachisale anakhala nafe zaka zambiri. Anagona kuno, kumanda a kuseri kwa tchalitchi, ndipo ndinakumba nawo ndine.

Rozina ali panjapa pamene ndikulemba, akupuntha nyemba pamkeka. Kuno amamutcha amake Felisita, chifukwa mwana wathu woyamba tinamupatsa dzina limenelo. Tili ndi ana asanu ndi mmodzi, zidzukulu ndiye sindinena.

Za nyemba yoyera ndinamuuza mwana wachitatu atabadwa. Ndinakonzekera sabata yathunthu. Iye anali akusenda mbatatesi, ndipo mpeni sunaime.

“Ndinadziwa tsiku lomwelo, abambo ake,” anatero. “Munthu wa pakamwa ngati inu kukhala chete masiku awiri? Mumayesa ndinalibe maso?”

“Nanga unandiloleranji?”

“Ndinaona mmene munkatchingira kambewu kaja.”

Ine sindine wophunzira, koma samu iyi ndimaidziwa. Zikanapanda kuwerengedwa nyemba ya Rozina ndi ya mayi ake, zofiira zikanakhala zisanu ndi zitatu, zoyera zisanu ndi zinayi. Ndikanapambana ine. Pakhomo pano pakanakhala zii.

Choncho pamlatho paja sindinayambitse kanthu. Ndinangonena mokweza zimene mayi wamfupi ananena monong'ona, nkhwangwa ili pamutu pake. Mphotoyo ndinailandira, ndipo ndinayenera, mano awiri si masewera. Koma nditafika nayo kunyumba ndinaitembenuza. Ndinatenga msomali n'kulemba kumbuyo kwake, FELISITA. Zilembo zisanu ndi zitatu, zinanditengera m'mawa wonse. Ndaipachika mbali imeneyo ikuyang'ana anthu.

M'chigwembe muja tinaponya nyemba anthu khumi ndi asanu ndi anayi. Pamsewu waphula tinawoloka khumi ndi asanu ndi atatu. Wotsalayo ali m'munda wa chimanga, tsidya ilo, pansi pa nthambi za msuku. Mvula itagwa chaka chimenecho, ndikhulupirira kuti pomuzungulira panamera nyemba.